Toughie ndi Gerry: mkangano umene unkadzaza bwalo

Ndikaulutsa za mpira wa atsikana pa wailesi yathu, ena amati kumeneko n'kungotaya nthawi. Abale anga, tamvani nkhani iyi ya ku America.

M'caka ca 1935, mumzinda wa Chicago, Leo Seltzer anayambitsa roller derby, mpikisano wothamanga mozungulira bwalo atavala nsapato zamatayala. Patapita zaka zocepa, analola kuti opikisana azichingana ndi kukankhana. Timu iliyonse inali ndi amuna ndi akazi, malamulo ali amodzi, ndipo zigoli za akazi ankaziphatikiza ndi za amuna.

Masewerawa atayamba kuonetsedwa pa wailesi yakanema ku New York mu 1948, maso a anthu anali pa akazi awiri. Midge Brasuhn, womucha Toughie, ankatsogolera akazi a Brooklyn Red Devils. Anali wamfupi, wa masentimita pafupifupi 150, koma waukali ngati njuci. Gerry Murray wa New York Chiefs anali waliwiro, wokondedwa ndi khamu. Akakumana, zigongono zinkalankhula, nthawi zina mpaka zibakera. Anthu ankakuwiza Toughie n'kumacemerera Gerry, koma tsiku lotsatira ankagulanso matikiti kuti akaone onse awiri.

Toughie anamwalira mu 1971. Gerry anapikisanabe zaka zambiri, mpaka mwana wake Mike Gammon analowa masewero omwewo.

Ine zibakerazo sindiziyamikira. Cimene ndimaona n'cakuti akaziwa sanali ongoperekeza amuna. Zigoli zao zikacepa, timu yonse inkagonja.