Nyau m'Bwalo la Mishoni ya Mua

Pa Mua, m'boma la Dedza, m'tsinde mwa mapiri openya kunyanja, pali mishoni imene ansembe a chipani cha White Fathers adaikhazika m'chaka cha 1902. Aliyense amene adaŵerenga mbiri ya mishoniyo adziŵa kuti mdani amene adaŵasautsa koposa ansembe oyambawo anali nyau. M'zaka za m'ma 1920 mkanganowo udafika poŵaŵa. Ansembe ankafuna ana ku sukulu, eni mzinda ankaŵafuna ku dambwe. Mkhristu wopezeka ku gule ankamletsa masakramenti, ndipo amishoni adakadandaula ku Boma la Atsamunda kuti liletse nyau. Koma nyau sizidayankhe ndi mikondo ai. Zidayankha monga mwa chikhalidwe chake: zidasema zigoba zatsopano. Pabwalo padatuluka Maliya, padatulukanso Simoni wa nkhope yofiira ngati Mzungu wopsa ndi dzuŵa, ndipo mudzi wonse udaseka.

Tsono nchodabwitsa kuti pa malo omwewo padamangidwa nyumba yosungiramo zigoba za Gule Wamkulu zoposa 400. Kusinthaku kudadza pang'onopang'ono. Msonkhano Waukulu wa Vatikano Wachiŵiri, wa 1962 mpaka 1965, udaphunzitsa Eklezia kuti uzilemekeza zabwino zopezeka m'miyambo ya mitundu ya anthu. M'chaka cha 1967 mudafika m'Malaŵi wansembe wa ku Canada, Bambo Claude Boucher, amene pambuyo pake adampatsa mfunda wa Chisale. Iyeyu anali mmisiri wa zojambula, ndipo mu 1976 adayambitsa pa Mua malo a KuNgoni. Poyamba inali ntchito ya amisiri osema mitengo a m'midzi yozungulira. Iwo adayamba kusema Yesu, Maria ndi oyera mtima ndi nkhope za Chiafrika, kotero kuti Mcheŵa poloŵa m'tchalitchi ankatha kuona nkhope zonga za abale ake pa guwa.

Nyumba yosungiramo zinthu idadza pambuyo, ndipo adaitcha Chamare, dzina limene anthu a pa Mua ankamutchula nalo mmishoni wa ku France, Champmartin. Muli zipinda zitatu. China chifotokoza mbiri ya mishoni, china miyambo ya Angoni ndi Ayao, koma chimene chimaimitsa mlendo nthaŵi yaitali ndi cha Acheŵa. M'menemo muli Chadzunda, kholo la zilombo, muli Kasiyamaliro amene amaperekeza mzimu wa womwalira, ndi ena ambirimbiri. Bambo Boucher sadangotola zigobazo. Kwa zaka zambiri ankalemba nyimbo ya chilombo chilichonse, kavinidwe kake ndi mwambo umene chimaphunzitsa, ndipo zina mwa zimenezi zidatuluka m'buku lake la 2012, When Animals Sing and Spirits Dance. Ife tiona kuti ntchito yolembayi iposa yosonkhanitsa, pakuti chigoba chopanda nyimbo yake nchikuni chabe.

Komabe pali funso limene sitiyenera kulithaŵa. Gule Wamkulu ndi wa chinsinsi. Kwa mwana ndi kwa munthu wosameta, chimene chimatuluka kumanda ndi chilombo, mzimu wa makolo, osati munthu wovala nsanza. Nanga chigobacho chikapachikidwa m'nyumba, pamene mlendo aliyense angathe kuchiyang'anitsitsa masana, chinsinsi chija chatsala kuti? Amene amadandaula kuti chimene Eklezia adalephera kuchigonjetsa ndi chiletso adachiŵeta ndi ulemu, sitingaŵatsutse msanga. Akhristu enanso, makamaka amene makolo ao adazunzika chifukwa chokana nyau, amafunsa ngati kuvutika kuja kudali kwachabe. Mbali zonse ziŵiri zili ndi mlandu womveka, ndipo pamene bungwe la UNESCO lidalengeza mu 2005 kuti Gule Wamkulu ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, silidauthetse.

Chotitonthoza mtima nchakuti gule sadasamukire m'nyumbamo. Akali ku dambwe, akuvinidwa pa maliro, pa chinamwali ndi poika mfumu. Nzeru ija imene idabala Simoni idabalanso chilombo cha galimoto, ndipo matenda a Edzi atafika, amisiri a kumidzi adasema nkhope zochenjeza anthu za mliriwo. Zina mwa nkhope zimenezo zidafika ku Chamare zitayamba zavina pa fumbi la bwalo.