Achimwene Anga, Msilikali wa Panyanja

Ife a kuno kwa Njombwa madzi timadziwa a mu Bua ndi a m'madambo basi. Ndiye achimwene anga, eni mbumba athu, atanena kuti ntchito yawo ikakhala ya panyanja, amayi anagona ndi njala tsiku limenelo. Ankakumbukira za Vipya, sitima imene inamira kumpoto kwa nyanja mu 1946 n'kupita ndi anthu oposa 140.

Ana inu mumayesa kuti asilikali a panyanja akhalapo chikhalire. Ayi ndithu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, maboti olondera nyanja anali m'manja mwa a Payoniya, ndipo amene ankawathandiza anali Apwitikizi a ku Mozambique. Achimwene analowera khomo limenelo. Anachoka kuno ali mnyamata wosoka fodya pa esiteti, kusambira osakudziwa n'komwe. Mu 1978 gulu la mabotiwo linaperekedwa ku Malawi Army, malo ake ku Monkey Bay, iwo n'kukhala msilikali weniweni. N'chifukwa chake pa Operation Bwezani mu Disembala 1993, pamene asilikali ankalanda zida a Payoniya, iwo anali kale mbali ya asilikali. Nkhani imeneyo sankaikonda, poti ena mwa othamangitsidwawo anali anzawo a paunyamata.

Imene ankaikamba mosatopa ndi ya boti lochokera ku France, lomwe linabwera m'zaka za m'ma 1980 likutchedwa Chikala, pambuyo pake n'kupatsidwa dzina loti Kasungu. Akalitchula dzinalo ankadziguguda pachifuwa, ati kwathu kwafika panyanja.

Ntchitoyo sinali yofewa. Miyezi ya Juni ndi Julayi, ife tili kalikiliki kusankha fodya ndi kudinda mabelo, iwo amakhala akulimbana ndi mwera. Ankati mphepoyo ikauka, boti limakwera phiri la madzi n'kugwa chagada m'chigwa, mpaka munthu wamkulu kusanza ndulu. Ankazungulira ku Likoma ndi ku Chizumulu, zilumba zathu zokhala m'madzi a Mozambique, nkhondo ili mkati kutsidyako mpaka 1992. Koma chimene ine ndimawalemekezera kwambiri ndi asodzi amene ankawavuula bwato likagubuduka. Ana a eni ake anabwerera kwa amayi awo chifukwa cha manja amenewo.

Manjawo ndinkawaona akabwera patchuthi, zikhatho zokhakhala ndi zingwe. Ankafika ndi usipa wouma m'thumba la saka, n'kugawa khomo ndi khomo, kuyambira kwa alongo awo. Kenaka ankalowa m'chigafa kukamanga milimo ndi mfundo za pasitima, zoti chimvula cha Febuluwale sichingamasule, koma iwe ukakoka nsonga imodzi zimamasuka zokha. Mfundo imene mumamangira mbuzi ija munaiphunzira kwa iwo, ngakhale simudziwa.

Atapuma pantchito sanamange kunyanja ngati anzawo ena. Anabwerera kudzasunga mbumba, nalima fodya wa bale mpaka mphamvu zitatha. Agona kumanda a makolo athu komwe kuno. Chithunzi chawo cha yunifomu ndi makalata a ntchito zili m'sutikesi mwanga. Adzukulu inu, mudzazitenge ndikadali ndi maso, chiswe chisanazilowe.