Za Ciyambi ca Mpingo wa Lutheran Kwathu

Ife a ku Lufita tikumbuke kuti m'caka ca 1891 amishoni a ku Berlin anafika pa Karonga, koma sanakhale kwathu. Anapitirira tsidya lija la Songwe, namanga kumeneko.

Ena anadza ku Blantyre m'caka ca 1963, ocokera ku America. Komatu mpingo wa Evangelical Lutheran sunadze ndi mzungu ai. Akristu wamba, obwerera kwao kucokera ku Tanzania, ndiwo anayamba kusonkhana m'mudzi waukuru wa Lilongwe m'caka ca 1982, alibe mbusa waowao, nadziwerengera okha Mau a Mulungu. Pofika 1989, mpingo waung'onowo unali kutumikira othawa nkhondo a ku Mozambique amene anadzaza m'malire mwathu.