Mmene Nyundo Idagonjera Bawuti: Mbiri ya Kuzula Mabering'i a Mthuthuthu

Mwa ntchito zonse zimene mmisiri wokonza njinga zamoto amagwira, palibe imene imaulula msanga mtima wa munthu, kaya ngwodekha kaya ngwaphuma, kuposa yochotsa mabering'i akutha m'bokosi la magiya ndi kuikamo atsopano. Pakuti ngakhale bering'i ili kanthu kokwana m'chikhatho, mphete ziwiri zachitsulo ndi timipira toyenda pakati pake, imakhala m'malo mwake mothina kotero kuti zala sizingaisunthe, ndipo woikakamiza mosadziwa amaononga chinthu cha mtengo woposa wa bering'iyo kutalitali. Ntchitoyi si yamakedzana monga kusula makasu kapena kuumba mbiya. Idabadwa dzana lomweli m'maiko a ku Ulaya ndi ku America, ndipo chida chake chenicheni, chozulira chija amakaniko amati pula, chidadza m'mbuyo mwa mavuto, anthu atathyola kale zitsulo zosawerengeka.

Bering'i ndiyo idatsogola, mthuthuthu usanabadwe. M'chaka cha 1794 Philip Vaughan, mmisiri wa zitsulo wa ku Carmarthen m'dziko la Wales, adalembetsa kuboma luso loika timipira tachitsulo pamene gudumu la ngolo limazungulira. Ndipo mu 1869 Jules Suriray wa ku Paris adachita chimodzimodzi pa njinga yakapalasa, imene James Moore adapambana nayo mpikisano wochokera ku Paris kukafika ku Rouen mu November chaka chomwecho. Koma nzeruyo idali isanakhwime, popeza kusula kampira kamodzi kobulungira n'kwapafupi, pamene kusula zikwizikwi tofanana ndendende, popanda kena koposa kanzake, kudali kosatheka ndi manja. Ndipo kampira kamodzi kakakula pang'ono, katundu yense amatsamira pa iko kokha mpaka kataphwanyika. Amene adamasula mfundoyi ndi Friedrich Fischer wa ku Schweinfurt ku Germany, yemwe mu 1883 adapanga makina operera timipira tambiri nthawi imodzi. Pambuyo pake Sven Wingquist, amene ankayang'anira makina pa fakitale ya nsalu ku Göteborg, m'dziko la Sweden, atatopa ndi zitsulo zimene zinkapotoka chifukwa nyumba ya fakitaleyo idamangidwa pa dothi la makande losakhazikika, adakonza bering'i yodziwongola yokha, ndipo mu 1907 kampani ya SKF idabadwa. Kuti tione ulemu umene kanthu aka kadafika nako, tikumbukire kuti pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pa 14 October 1943, ndege za America zidapita kukaphulitsa mafakitale a mabering'i a ku Schweinfurt, ndipo 60 mwa izo sizidabwerere; akuluakulu a nkhondo adawerengera kuti dziko lopanda mabering'i silingayendetse akasinja kapena ndege.

Njinga zamoto zambiri zoyambirira zidalibe magiya konse. Ya Gottlieb Daimler ndi Wilhelm Maybach ya mu 1885 idali yamatabwa, yongoyesera injini. Ndipo zambiri zimene zidagulitsidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 zinkayenda ndi lamba wochokera ku injini kukafika ku gudumu lakumbuyo, kotero kuti wokwera akafika pa chitunda ankapalasa ndi miyendo kuithandiza, ikalephera n'kutsika, n'kumaikankha thukuta lili kamukamu. Chimene chidatsegula anthu maso ndi mpikisano wa pa chilumba cha Isle of Man mu 1911, pamene njira yake idayamba kudzera kuphiri: njinga za Indian zochokera ku America, zokhala ndi magiya awiri ndi tcheni, zidatenga malo atatu onse oyamba, eni dziko akuonerera. Pofika 1915 Triumph ya ku Coventry idatulutsa Model H ya magiya atatu opangidwa ndi Sturmey-Archer, ndipo pafupifupi 30,000 zidatumikira asilikali onyamula mauthenga pa nkhondo yoyamba. Chaka chomwecho Harley-Davidson ya ku Milwaukee nayo idaika magiya atatu. Koma walira mvula walira matope. Bokosi la magiya lidadza ndi mashafiti ake, shafiti iliyonse idafuna pogonera kunsonga zake zonse ziwiri, ndipo pogonerapo, posenza mphamvu yonse ya injini usana ndi usiku, padayamba kutha.

Tsono amisiri oyamba kukonza njingazi adali osula zitsulo ndi okonza njinga zakapalasa, anthu a chipala ndi nyundo, ndipo bering'i imene adaizolowera idali ija tikuionabe m'magudumu a njinga zathu zakapalasa: timipira tomwazika togona m'girizi, ndi kachitsulo kosongoka kamene ukakamanga kapena kukamasula pang'ono gudumu limaleka kugwedera. Imeneyo siifuna chida china koma sipanala ndi khutu. Bering'i ya m'bokosi la magiya ndi ya mtundu wina. Imachoka ku fakitale itamangidwa kale, mipata yake itayesedwa, ndipo kuti mphete yake yakunja isazungulire m'chibowo n'kuchikuza, chibowocho amachiboola mochepa dala kuposa mpheteyo. Kusiyana kwake ndi magawo ochepa chabe a milimita yogawidwa pa 100, kosafika ndi pa kunenepa kwa tsitsi limodzi la m'mutu, koma n'kokwanira kugwira bering'iyo zolimba zaka zambiri. Apa ndipo maso a mmisiri adafika pamalire ake, ndipo nyundo, imene idali mfumu ya zida kuyambira kalekale, idasanduka mdani.

Pakuti taonani chimene chimachitika munthu akamenya. Akamenya mphete yam'kati pofuna kulowetsa yakunja, mphamvu yonse ya nkhonyayo imadutsa m'timipira, ndipo timipirato timadinda timaenje m'njira yosalala imene tiyenera kuyendamo. Timaenjeto sitioneka ndi maso, koma bering'i yatsopano imayamba kulira isanathe mwezi, mwini njinga n'kumatukwana wogulitsa amene sadalakwe kanthu. Chilema chimenechi akatswiri adachitcha dzina la Johan August Brinell, wa ku Sweden, amene mu 1900 adaonetsa njira yoyezera kulimba kwa chitsulo poponderezapo kampira kolimba ndi kuyeza dzenje lotsalapo. Ndiye kuti womenya bering'i amachita mosafuna chiyeso chomwecho pa katundu wa mwini wake. Akamenya mbali imodzi, bering'i imalowa chopendama n'kumapala aluminiyamu wa bokosi, amene ndi wofewa kuposa chitsulo. Ndipo chibowo chikakula kamodzi sichibwereranso, bering'i iliyonse yobwera pambuyo imangogwedera m'menemo.

Mankhwala oyamba adachokera kwa osula omwewo, ndipo pa ichi tiwapatse ulemu wawo. Opanga ngolo adadziwa kuyambira kale kuti mkombero wachitsulo ukautentha umakula, ukazizira umafinya gudumu lamatabwa. Ndipo popeza aluminiyamu amafutukuka ndi moto pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, bokosi la magiya likatenthedwa kufika pa kutentha kwa madzi owira, chibowo chimamasuka, bering'i yakale nthawi zina n'kugwa yokha bokosilo likagogodedwa pa thabwa. Mabuku a malangizo a njinga za ku Britain ankalangiza zimenezi, kuviika bokosi m'madzi otentha kapena kuliika mu uvuni, ndipo amakaniko ankayesa kutentha kwake pogwetsapo dontho la madzi kapena malovu: likathetheka, nthawi yakwana. Koma moto uli ndi malire ake. Bering'i yeniyeniyo siyenera kupitirira madigiri 120, kuopa kuti chitsulo chake chingafooke. Ndiponso si bokosi lililonse limene lingachotsedwe pa njinga kukaliika pamoto.

Mankhwala achiwiri, amene ndiwo mutu wa nkhani yathu, adali kuchotsa nkhonya ndi kuikapo mazinga a bawuti. Chimene nyundo imachita ndi ukali m'kuphethira kwa diso, bawuti imachita pang'onopang'ono, molunjika, ndi mphamvu yoposa. Nati ikazungulira kamodzi, chitsulo chimasuntha milimita imodzi kapena ziwiri zokha, ndipo dzanja logwira sipanala limamva ngati china chake chakana. Makampani ena, monga Owatonna Tool Company ya ku Minnesota imene idayamba mu 1925, adatchuka ndi zozulira za miyendo iwiri kapena itatu zokola kumbuyo kwa giya. Koma opanga njinga adaona kuti chida cha ponseponse sichikwana paliponse, ndipo adayamba kupanga zida zawozawo, chilichonse ndi nambala yake, cholembedwa m'buku la galaja pambali pa ntchito yake. Harley-Davidson, imene idatsegula sukulu yophunzitsa amakaniko a asilikali mu 1917, ndiyo chitsanzo chabwino, chifukwa njinga zake zikuluzikulu zidasungabe bokosi la magiya lapadera pamene magiyawo ankachuluka, anayi mu 1936, asanu mu 1980, asanu ndi limodzi mu 2006.

Tiyeni tiime pambali pa makaniko amene akusintha bering'i yaikulu ya bokosi lotere, ija imasenza giya yopereka mphamvu ku gudumu. Magiya onse watulutsa kale pamodzi ndi chitseko chawo cham'mbali, bokosi lili pa njinga pomwepo, ndipo wachotsa kamphete kotsekera kamene kamagona mu mzere wake kutsogolo kwa bering'i. Atenga bawuti yaitali yonenepa, napaka girizi m'mazinga ake, naipisa pakati pa bering'i. Mbali ina avekako chitsulo chobulungira chokankhira, mbali inayo chikho chachitsulo chimene milomo yake imatsamira pa bokosi, m'kati mwake muli malo oti bering'i igweremo. Akayamba kumanga nati, poyamba sipanala imalimba, kenaka pamveka kaphokoso kamodzi, ndipo kuyambira pamenepo imayenda mofewa kufikira bering'i itagwera m'chikhomo. Poika yatsopano amatembenuza zidazo, nasankha chokankhira chimene chimagunda mphete yakunja yokha, osakhudza yam'kati. Amamanga pang'ono, naima, nayang'ana ngati yalowa mofanana mbali zonse, namanganso kufikira itakhala pansi. Pokokera giya m'kati mwa bering'iyo amachita mosiyana, kuchirikiza mphete yam'kati, kuti timipira tisasenze kanthu. Lamulo lake ndi limodzi lokha, lakuti mphamvu ipite pa mphete imene ikuthinayo. Zitsulo zonse za m'bokosi la chidacho zidasulidwa kuti munthu asathe kuphwanya lamuloli ngakhale atatopa. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndiyesa kuti chida ichi ndi kudekha kumene kudasulidwa kukhala chitsulo, kuti ndi waphuma yemwe akugwiritse ntchito.

Palinso bering'i ina yovuta koposa, yogona m'chibowo chosatulukira kuseri, kumene kulibe pokankhira. Ya mtundu umenewu ili ndi chozulira chake, kachitsulo kong'ambika nsonga kamene kamalowa pakati pa bering'i, kakamangidwa n'kutambasuka kukola kumbuyo kwa mphete. Osowa chidachi adatulukira njira yodzaza girizi m'chibowomo ndi kukhomerapo chitsulo chokwana bwino pakati, kuti girizi wosowa kothawira akankhe bering'i kuchokera kumbuyo. Imagwira ntchito nthawi zina, ndipo nthawi zina imangomwaza girizi kumaso.

Pamene opanga adayamba kuphatikiza injini ndi magiya m'chigoba chimodzi, monga BSA Bantam ya mu 1948, imene idatengera DKW RT 125 ya ku Germany, ndi Honda Super Cub ya mu 1958, ntchitoyi idakula, chifukwa tsopano kufika pa bering'i ya mtengo wochepa kudafuna kutsitsa injini yonse ndi kuing'amba pakati. Chapakati pa zaka za m'ma 1970 Honda, itaona m'maiko a kumwera chakum'mawa kwa Asia mmene anthu ankasenzetsera njinga katundu wopyola muyeso osasintha oyilo, idapanga CG125 kuti ipirire nkhanza zotere. Ndipo injini imeneyo, itatsanziridwa ndi mafakitale a ku China, ndiyo kholo la zambiri zimene zidadzaza misewu yathu m'zaka za m'ma 2010, pamene kabaza adasamuka pa njinga yakapalasa kukwera yamoto, pamodzi ndi Bajaj Boxer ya ku India. Mthuthuthu umene kale udali wa abambo a ku mishoni, a bwanamkubwa aang'ono a pa boma ndi alangizi a zaulimi, lero wanyamula matumba a chimanga, mbuzi ndi amayi oyembekezera.

Njinga zidafika zambirimbiri, koma zida za nambala zija sizidatsagane nazo. Ndipo makaniko wa ku Ndirande kapena ku Mchesi, amene galaja yake ndi mthunzi wa malata awiri, adayenera kudzisulira yekha. Wanzeru amatenga bawuti yaitali, manati awiri, chidutswa cha paipi chodulidwa mowongoka ndi soketi yolingana ndi mphete yakunja. Ena amasunga mphete ya bering'i yakale, naipala pang'ono kuti isakanirire, ikhale chokankhira. Chida chotere sindichiyesa chonyozeka, pakuti nzeru yake ndi yomweyo ya ku Milwaukee, ndipo chopangidwa mosamala chimagwira ntchito yofanana. Chimene chimabwezera nyundo m'manja mwa makaniko kawirikawiri ndi mnyamata wa kabaza amene waima pambali, amene mwini njinga akudikira ndalama yake ya tsikulo madzulo, ndipo ola lililonse la pa galaja kwa iye ndi njala.

Mwayi umene ulipo ngwakuti mabering'i, mosiyana ndi zida zozulira, adagwirizanitsidwa miyeso pa dziko lonse. Yolembedwa 6203 ili ndi bowo la mamilimita 17 ndipo kunja kwake ndi 40. 6204 ndi 20 ndi 47. 6205 ndi 25 ndi 52. Ndipo kaya idapangidwa ku Sweden, ku Japan kapena ku China, imalowa malo amodzimodzi, kotero kuti paipi imene makaniko adadula chaka chatha idzamutumikira pa njinga za mitundu yambiri. Chofunika kuwerenga ndi zilembo zotsatira nambalayo. Yolembedwa C3 ili ndi mpata wokulirapo pakati pa timipira ndi mphete, wosiyidwa dala kuti ikafinyidwa m'chibowo ndi kutenthedwa ndi injini isamangike. Ndipo amene aika wamba pamalo pofuna C3, ngakhale ataikokera ndi chida chabwino chotani, adzatsitsanso injiniyo nthawi yake isanakwane.