Nsonga za gwafa za agogo ndi dzina losalembedwa

Ndili mwana, Neno ikadali pansi pa Mwanza poti idadzakhala boma payokha mu 2003, m'mimba mukanditsekula agogo anga aakazi sankathamangira kuchipatala. Chipatalacho chidali kutali, ndipo dzinja likafika msewu unkasanduka phala. Iwo ankangopita kuseri kwa nkhokwe, kuthyola nsonga zanthete za gwafa, n'kuziwiritsa m'kamphika. "Imwa iwe, usakwinye nkhope," ankatero. Ndinkamwa misozi ili chuchuchu.

Lero masamba omwewo akatswiri asayansi akuti ndi odzaza ndi ma antioxidant. Chizungu chimenechi chisakuopseni, awerengi. Dulani mbatatesi ya kwa Dambe n'kuisiya poyera, pakapita kanthawi imada. Umene ukuidya ndi mpweya wa okosijeni, womwe uja umagwiritsa khasu dzimbiri. Mukafinyirapo ndimu, kudako kumachedwa. M'thupi mwathunso mumachitika zofananako, tsono tinthu timene timachedwetsa kuonongekaku ndiye ma antioxidant amene akunenedwawo.

Kuti atipeze tinthuti, amaumitsa masamba pamthunzi, kuwasinja, kuwaviika mu methanol kapena ethanol, kenaka kusefa. Madzi osefawo amawadonthezera m'mankhwala otchedwa DPPH, amene mtundu wake uli ngati maluwa a jakaranda. Mtunduwo ukazilala n'kusanduka wachikasu, ndiye kuti tsambalo lili ndi mphamvu imene akuifuna. Njira imeneyi adailemba Marsden Blois mu 1958. Akatero amalekanitsa tinthuto ndi makina, n'kutipatsa maina. M'gwafa amapezamo quercetin. M'chammwamba amapezamo quercetin yemweyo, kaempferol ndi chlorogenic acid.

Koma ulendo wochoka kutchire kupita ku labotale sudayambe dzulo. Mu 1859 David Livingstone adakwera mtsinje wa Shire, womwewu timaoloka pa Zalewa, ali ndi dokotala wodziwa za zomera, John Kirk. Kirk adaona alenje a m'chigwachi akupaka mivi yawo ulembe wa kombe, iye n'kutengako. Nkhani imati kombeyo adakhudza mswachi wake m'thumba, ndipo atatsuka m'kamwa adazindikira kuti mtima wake wayamba kugunda pang'onopang'ono. Ku Edinburgh, Thomas Fraser adaufufuza mtengowu kwa zaka zambiri, mpaka mu 1885 adalengeza za strophanthin, mankhwala a matenda a mtima. Njere za kombe zidayamba kutumizidwa ku Britain, makampani akumeneko n'kumapha nazo makwacha. Mtengo udakhala ndi dzina lachilatini, Strophanthus kombe. Kirk ndi Fraser ali m'mabuku. Nanga mlenje amene ankadziwa kale mphamvu ya njerezo ndani? Sitimphunzira kusukulu.

Mu 1911 boma la atsamunda lidakhazikitsa lamulo la za ufiti, loletsa kumwetsa mwabvi ndi kuloza anthu kuti ndi mfiti. Silidaletse kuwiritsa masamba, koma m'maganizo a ophunzira ambiri sing'anga wa zitsamba ndi woombeza maula adalowa m'dengu limodzi. Ena a ife tidakula tikumwa gwafa kumudzi n'kumaseka "zachikunja" tikafika m'tauni.

Komabe olemba adalipo. Jessie Williamson adasonkhanitsa maina ndi ntchito za zomera zathu m'buku la Useful Plants of Nyasaland mu 1955, lomwe lidatulukanso mu 1975 lili ndi dzina la Malawi. Ku Chancellor College, Pulofesa Jerome Msonthi adapima zitsamba zathu mogwirizana ndi Kurt Hostettmann wa ku Lausanne, m'dziko la Switzerland. Mu 1987 boma lidakhazikitsa National Herbarium and Botanic Gardens, likulu lake ku Zomba, ndipo mu 1996 Brian Morris adatulutsa Chewa Medical Botany. Apa ndiye tsamba la kumudzi lidayamba kulandira ulemu pamaso pa a madigiri.

Tsono tisatengeke. Kusanduka chikasu m'kabotolo sikutanthauza kuti wodwala wachira. Ku Finland adayesapo kupatsa amuna osuta fodya oposa 29,000 mapiritsi a ma antioxidant, ndipo zotsatira zake mu 1994 zidadabwitsa dziko: amene ankamwa beta-carotene adadwala khansa ya m'mapapo kuposa anzawo. Kunoko sitidaiwale 1995, pamene chinamtindi cha anthu chidakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Goodson Chisupe, ati wochiza Edzi, koma maliro sadaleke. Chimene chidadzutsa odwala a ku Neno pamphasa ndi ma ARV, makamaka Abwenzi Pa Za Umoyo atayamba kugwira ntchito ndi boma kumeneku mu 2007. Ngakhale mwana wotsekula m'mimba, choyamba ndi thanzi ORS, gwafa pambuyo. Amene akukugulitsani ufa wa chammwamba pa depoti n'kumati uchotsa shuga ndi BP akungofuna ndalama zanu.

Nkhawa yanga ili pena. Pangano la Nagoya la mu 2010 limati eni nzeru za zomera azipindula nawo wina akazitenga. Koma azipindula bwanji ngati sadalembedwe paliponse? Ndipo adzapima chiyani akatswiriwo, pamene mitengo yathu ikutsikira ku Zalewa m'matumba a makala? Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, inde, koma dambo nalo limauma.

Agogo anga adatsikira kuli chete ine ndisadawafunse kuti muwawani ankaupala mbali iti, kapena chifukwa chake ankathyola nsonga zanthete zokha. Ndidatsala ndi gwafa basi. Inu amene anu akadali moyo, mukapita kumudzi mwezi ukatha, tengani kope ndi cholembera. Lembani mtengo, nthenda, muyeso ndi kaphikidwe kake. Pamwamba pa tsambalo yambani mwalemba dzina lawo.