Malamulo a Pakati pa Maiko ndi Gombe la Mbamba Bay

Lero tikambe za ciyambi ca malamulo oweruza pakati pa maiko, ndi m'mene anafikira ku Mbamba Bay, pa gombe la kum'mawa kwa nyanja ya Nyasa.

Anthu awiri akakangana amanka kwa mfumu. Nanga akakangana maiko awiri aweruza ndani, popeza palibe mfumu yoposa onsewo? Funsoli linasautsa anzeru a ku Ulaya pamene zombo zao zinayamba kufika kutali. Mu 1539 Francisco de Vitoria, mphunzitsi wa ku Salamanca, anati anthu a ku America ndiwo eni nthaka yao ngakhale sanali Akristu. Mu 1625, nkhondo yaikuru iri m'kati ku Ulaya, Hugo Grotius wa ku Holland anaturutsa buku la malamulo a nkhondo ndi mtendere. Nkhondoyo inatha ndi mapangano a ku Westphalia mu 1648. M'kupita kwa zaka ciphunzitso cinakhazikika cakuti dziko liri lonse lidzilamulira lokha, ndipo cimene cilimanga ndico pangano limene lasaina ndi mwambo umene maiko atsata.

Koma m'zaka za m'ma 1800 akatswiri ambiri anati malamulowa ndi a maiko okha amene Azungu anawayesa otukuka. Pa msonkhano wa ku Berlin wa 1884 ndi 1885 panakhala maiko 14, wa mu Africa panalibe. Pa 1 July 1890 Angerezi ndi Ajeremani anapangana za malire ao, nalemba kuti malirewo atsate gombe la nyanja kufikira pa mathiriro a mtsinje wa Songwe. Mafumu a Anyasa ndi Amatengo sanaitanidwe.

Ajeremani atagonja pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, Tanganyika anakhala m'manja mwa Angerezi, ndipo pokhala mbuye mmodzi tsidya lino ndi tsidya lija, mlanduwo unagona. Unadzuka maiko awiriwa atalandira ufulu, Tanganyika mu 1961 ndi Malawi mu 1964, nubukanso mu 2012 pa nkhani ya kufunafuna mafuta pansi pa nyanja.

Tamverani tsono poima ali yense. Malawi agwira pangano la 1890, ndiponso cigamulo ca atsogoleri a mu Africa ca ku Cairo mu 1964 cosunga malire amene anawapeza. Tanzania agwira mwambo wa maiko wogawa madzi pakati. Pangano ndi mwambo: mizu iwiri yomwe ija ya ku Ulaya.

Msodzi wa usipa wa ku Mbamba Bay, amene makolo ace sanafunsidwe mu 1890, akakankha bwato lace usiku, ayandama pa madzi amene mlandu wace uweruzidwa ndi malamulo amenewo. Tsalani bwino.