Moto wa laputopu

Mawu akuti "moto", ponena za laputopu, amatanthauza mphamvu ya magetsi imene batire lasunga. N'chifukwa chake laputopu ikazima yokha anthu amati yatha moto. Mphamvuyi imayezedwa mu ma watt-hour (Wh), ndipo mabatire a malaputopu ambiri sapitirira 100 Wh.

Moto umatha msanga sikirini ikamawala kwambiri, kapenanso munthu akamasewera magemu ndi kuonera mavidiyo pa intaneti. Koma chowononga batire kwambiri ndi kutentha. Laputopu ikamaikidwa pabulangeti, timabowo tolowera mpweya timatsekeka, batire la lithium-ion limatentha n'kukalamba msanga, moti ngakhale litchajidwe mpaka kudzaza silikhalitsanso ngati kale. Batire lotupa ndi loopsa, ndipo liyenera kusinthidwa mwamsanga.